Sitepe Yachinayi

Lachitatu, 12 Juni

Pepani a Tepi. Kope lanuli ndalitembenuza, ndikulemba chakumbuyo. Kutsogolo ndidzalemba zanu zija, makilomita ndi malo amene tikaone, monga mwandiuzira. Kumbuyo kuno n'kwanga. Ngati tsiku lina mudzawerenge, mundikhululukire pokuvutitsani. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo pakamwa panga m'polemera. Cholembera chokha ndiye chimandimvera.

A Tepi ndi bwenzi la achemwali anga. Ukwati mu Okutobala. Ntchito yawo kuyeza malo. Dzina lenileni ali nalo, koma ine ndinawapatsa limeneli chamumtima chifukwa tepi yoyezera siichoka m'thumba mwawo. Tsiku loyamba kubwera kwathu anayeza khomo la bafa. Ati n'lopendekeka. Zaka ziwiri tikulowamo bwinobwino osadziwa kuti tili pa ngozi.

Agula galimoto. Yakale. Yofiirira ngati dzimbiri, mwinanso ndi dzimbiri lomwelo. Ndiye ati Loweruka ndi Lamlungu tikayende, tikaone dziko ndi matauni akale. Anthu anayi: iwo, mayi awo, achemwali, ndi ine. Ine anditenga chifukwa ndimalemba zowerengeka ndiponso sindidya malo.

Mayi awo anali mphunzitsi wamkulu. Anapuma ntchito kalekale koma palibe amene analimba mtima kuwauza. A Hedi. Akandiyang'ana ndimabisa zikhadabo.

Abwana kochapitsa zovala andilola kuti Loweruka ndisabwere. Ati bola za Loweruka ndisite Lachisanu. Masuti khumi ndi anayi. Chifundo chawo chimakhala chotero.

Lachinayi, 13 Juni

A Tepi abweretsa pepala la ulendo. Lotayipa. Aliyense lake.

1. Mlatho wakale.
2. Mtengo umene munthu wina wotchuka anapumapo.
3. Mathithi.
4. Siteshoni ya sitima, ndi kugona.
5. Lamlungu, 10 koloko, Nyumba ya Jaji.

Nambala 5 ndinaiwerenga kawiri.

Nyumba ya Jaji ndi kwathu. Sikuti ndife ana a jaji ayi. Jajiyo anamwalira agogo athu asanamere mano. Nyumbayo anaisandutsa yoonetsa alendo, ndipo amayi ndiwo amakolopamo, chino ndi chaka cha 23. Ife tinakulira m'kachipinda kakuseri, pafupi ndi thanki ya madzi. Alendo akamalowa kutsogolo ndi makamera, ife kuseri ndi mamina athu, phee.

A Tepi sadziwa. Achemwali anawauza kuti tinakulira mumzinda muno, ndipo amayi ndi mkulu woyang'anira zinthu zakale, ali ndi ofesi yawoyawo, amayendayenda kwambiri, n'chifukwa chake mpaka lero sanaonane nawo. Zoyang'anira zinthu zakale n'zoona. Amaziyang'ana pafupi zedi, atagwada, nsanza kumanja.

Achemwali anawerenga pepalalo akumwetulira. Kenako anati nyumba zakale zimawayambitsa chimfine. A Tepi anatulutsa cholembera n'kuwonjezera m'munsi: kugula mankhwala a chimfine. Achemwali anati mwina tikaone damu m'malo mwake. A Tepi anati damu silakale, lili ndi zaka makumi atatu zokha.

Iwo atangochoka, achemwali foni kwa amayi. Ine ndinali kusita diresi lawo pomwepo, ndinamva zonse. Ati Lamlungu amayi alawirire kutchalitchi, asafulumire kubwerera, ndipo makatani a kachipinda atseke. Ati adzafotokoza bwino ukwati ukayandikira.

Kumbali inayo kunamveka timawu tating'ono: "Ndamva, mwananga."

Ndinatsala pang'ono kupsereza kolala.

Ine zanga zinabwera pambuyo. "Iwe kumeneko sunafikeko. Sudziwa munthu, sudziwa galu. Ukangotsegula pakamwa, uzikagona pa tebulo lositira." Nyumba ndi yawo. Ine changa ndi matiresi a pabalaza ndi msomali umodzi wopachikapo zovala.

Ndinati chabwino. Ndimati chabwino nthawi zonse.

Amayi sindinawaone chaka ndi miyezi inayi.

Lachisanu, 14 Juni

Masuti khumi ndi anayi. Msana.

Achemwali maola anayi kusaluni. Kuti mlatho ukawaone bwino.

Pali juzi ya buluu imene kasitomala wina anaisiya chaka chatha osabwereranso. Abwana anati nditenge. Ndinaisokerera mabatani atsopano, ndinaisunga kuti ndi ya amayi, mwezi uno kumakhala chisanu kuseri kwa thanki. Ndaiika pansi penipeni pa chikwama, pamwamba thaulo. Sindikudziwa kuti ndaitengeranji. Munthu sapereka juzi kwa munthu amene samudziwa.

Loweruka, 15 Juni, masana

Pepala likuti kunyamuka 6 koloko. Tanyamuka 8:20. A Hedi anatulutsa katundu yense m'buti n'kumulongedzanso, ati amene analongedza poyamba alibe mutu. Amene analongedza ndi mwana wawo.

Mpando wakutsogolo anakhala a Hedi. Achemwali anali atatsegula kale chitseko chimenecho, ndiye anangonamizira kuti amatsegulira iwowo. Nkhope yawo ndikanaijambula. Ine kumbuyo, dengu pamiyendo: buledi, mazira owiritsa, fulasiki. Zenera la mbali yanga silitseguka. La mbali ya achemwali silitsekeka. Tsitsi la maola anayi linatha pa kilomita yachisanu ndi chiwiri.

A Tepi amayendetsa galimoto ngati anyamula mazira pamutu. Bambo wina wapanjinga, nkhuni mpaka kumwamba, anatipitirira kawiri. Kachiwiri anatigwedezera dzanja.

Mlatho wakale. Kabuku ka alendo kakuti mamita 45. A Tepi anandipatsa nsonga ya tepi kuti ndiime nayo pakati pa msewu. Lole kumbuyo kwanga ikuliza hutala, ine ndagwira kachitsulo ndi manja awiri, maso pansi. Anapeza 41. Anayezanso. 41. Anakwiya ngati mamita anayiwo awabera iwo. Amayi ochapa pansi pa mlatho anasiya kuchapa. Mmodzi anafunsa mokweza ngati bwanayo akufuna kuugula.

Ndalemba kutsogolo: Mlatho, 41, kabuku kanama.

Mtengo wa munthu wotchuka unagwa kalekale. Pali chitsa cha simenti ndi chikwangwani. Kulowa n'kolipira. Mbuzi inalowa ulere, inagona pachitsa pomwepo, ndipo ndiyo yokha imene inapuma ngati wotchuka uja. A Hedi anamufunsa wodula matikiti chaka chimene munthuyo anafika. Analakwa. Anamubwerezetsa katatu mpaka anakhoza. Achemwali anajambula zithunzi makumi atatu. Chitsa sichikuoneka m'chimodzi chomwe.

Mathithi. Kuyenda pansi makilomita awiri, achemwali ndi gogoda. Titafika, thanthwe lalitali ndi timadzi tikudontha. Mpopi wathu wakubafa umachita bwino kuposa pamenepo, ndipo sulipiritsa. A Tepi anati tiyerekeze mmene zimakhalira nthawi ya mvula. Tinaima anayi n'kumayerekeza.

Pakudya mazira a Hedi anayamba mafunso. Mayi anu amayenda bwanji m'ntchito zawozo? Achemwali: galimoto ya kuntchito, ndi dalaivala. Amene amatsala muofesi ndani? Sekeletale. Pamlatho amayi anali ndi ofesi yokha. Pamathithi ali ndi dalaivala ndi sekeletale. Tikanakhala ndi malo ena awiri oti tione, akanafika pa nduna.

Kenako anatembenukira kwa ine. Nanga iwe, mwana wa munthu wotere, sukulu inakuvuta pati? Achemwali anayankha m'malo mwanga, ati ndinali wodwaladwala. Sindinadwalepo. Yunifolomu ya sekondale inali yokwana munthu mmodzi, ndipo wamkulu ndi wamkulu.

Loweruka lomwelo, madzulo

Tafika m'tauni mwathu. Ndalemba kutsogolo: tauni yakale, makilomita 187.

Palibe chasintha. Sitolo ya zitsulo. Positi ofesi ya njerwa zofiira. Siteshoni yopanda sitima, udzu mpaka m'chiuno pakati pa njanji. Wotchi ya pansanja ili pa 2:50, pamene inali ine ndikubadwa. A Tepi anaiyerekeza ndi yawo n'kupukusa mutu.

Dzuwa likulowa, achemwali avala magalasi akuda ndi mpango mpaka m'chibwano. Ati fumbi. Bambo wosoka nsapato pakhonde la positi ofesi anatiyang'ana nthawi yaitali, msomali pakamwa. Anautulutsa kuti ayankhule. Achemwali anandikokera kutsidya la msewu, ati tikaone ngalande yakale.

Pogona alendo: chipinda chimodzi akazi atatu. A Hedi ayendetsa chala pamwamba pa kabati, achionetsa kwa mwini nyumba ngati umboni kukhoti.

Pazenera ndikuona mutu wa thanki. Ndi kautsi kumbali kwake. Nthawi ino ndi ya tiyi wa amayi, kapu ya chitsulo yopanda chogwirira. Kuchokera pano ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, ukadulira kuseri kwa sukulu.

Ndinati ndikufuna mphepo pang'ono. Achemwali anatenga nsapato zanga n'kuziika m'chikwama mwawo, n'kukhalira chikwamacho. Ati miyendo ipume.

Lamlungu, 16 Juni

Tabwerera.

Kutsogolo ndalemba makilomita. Kuno sindingathe.

Lolemba, 17 Juni

Ndapsereza malaya a kasitomala. Koyamba chiyambire ntchito. Abwana anayang'ana malayawo, n'kundiyang'ana ine, n'kunena kuti anthu ena maulendo sawayanja.

Ndilembe mwadongosolo, ndisasiye kanthu.

10 koloko yeniyeni tinali pageti. Lotseka. Mlonda watsopano, satidziwa. Ati bambo amene amafotokozera alendo sanabwere, Loweruka linawapweteka. Makiyi ena ali ndi mayi okolopa, ali kutchalitchi, koma si patali, awaitana.

Achemwali anati tisavutitse munthu ali kupemphera. Anati mutu ukuwapweteka. Anayetsemula kawiri. A Tepi anatulutsa mankhwala a chimfine aja. Ati nambala 5 ndi nambala 5.

Tinadikira. Ndinawerenga zitsulo za geti, 26, ndinabwerezanso.

Anabwera. Diresi lawo la Lamlungu lija la maluwa ang'onoang'ono. Baibulo kukhwapa, makiyi kumanja, akufulumira. Mwendo wamanzere akuukoka pang'ono. Zimenezi kale kunalibe. Afupikanso. Kapena ine ndinaiwala.

Anatiwona. Anaima kanthawi kokwana kupuma kamodzi basi. Kenako anagwira bondo.

"Takulandirani, bwana. Takulandirani, madamu." Kwa a Hedi. "Takulandirani, madamu." Kwa achemwali, mwana amene anamuyamwitsa zaka ziwiri. Atafika pa ine anati, "Ndi inunso, takulandirani."

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Chabwino changa chija.

Anatiyendetsa okha. Bambo ofotokoza aja ndinawamva zaka zambiri ndili kuseri kwa chitseko, safika pamenepo. Amayi amadziwa mpando uliwonse kumene umalira. Wotchi ya jaji, bedi la jaji, bafa la jaji la miyendo ngati ya galu. Tebulo lodyera a Tepi analiyeza, linagwirizana ndi kabuku, anasangalala koyamba chinyamukire. Pansi pakuwala ngati madzi. Ine ndikudziwa kuti ndi Loweruka lonse limenelo, polishi ndi burashi yapaphazi. Anauzidwa kuti abisale, koma nyumba anaikonzabe kuti alendo a mwana wawo aipeze bwino.

Kukhitchini, pafelemu la chitseko, pali timizere ta pensulo kuchokera m'munsi kukwera m'mwamba. Kabuku kakuti ndi misinkhu ya ana a jaji, zaka zoposa zana zapitazo. Alendo amajambula. Ena amagwetsa misozi.

Ndi ife. Januwale aliyense amayi ankatiimika pamenepo opanda nsapato, Baibulo pamutu, n'kulemba. Kumanja achemwali, kumanzere ine. Bambo ofotokoza aja anaipeza mizereyo n'kuipatsa makolo ena.

A Tepi anafunsa ngati n'zoona. Amayi anati, "Kabuku kamatero, bwana." Iwo anatulutsa tepi. Mzere wapamwamba, 158. Anati ana a jaji anali aafupi, ndipo pensulo za kale zinali zamphamvu. Analemba m'dzanja mwawo. Achemwali anali kuwerenga chikwangwani cha chozimitsira moto.

Kenako masitepe opita m'mwamba. Amatabwa, khumi ndi awiri. Yachinayi inawola kunsi kuyambira kale, pamwamba ikuoneka bwinobwino chifukwa amayi amaipaka polishi ngati zinzake. Akhala akunena kwa akuluakulu chaka ndi chaka, thabwa silibwera. Ndiye mlendo aliyense amamuchenjeza asanakwere.

Dzulo sanapeze mpata. Achemwali ankathawa maso awo, anathamangira kutsogolo. Gogoda, chikwama kumanja, maso pafoni. Imodzi, ziwiri, zitatu, mwendo wautali, zisanu. Osayang'ana pansi n'komwe. Ine pambuyo pawo chimodzimodzi. Sindinaganize. Pakamwa ungapaphunzitse bodza, miyendo ayi.

Wachitatu a Tepi. Imodzi, ziwiri, zitatu, khotyo! Mwendo mpaka m'katumba.

Amayi anagwada pamasitepe pomwepo, diresi la Lamlungu, kuwazula phazi, kenako kupisa dzanja m'dzenje kufuna nsapato. Pepani bwana, pepani bwana, kulakwa n'kwanga. Anaipukuta nsapatoyo ndi mpango wawo. A Tepi sankayang'ana phazi. Ankayang'ana ife awiri pamwamba, kenako dzenje, kenako ife. Anatulutsa tepi n'kuyeza thabwalo.

A Hedi anawakalipira amayi mphindi zisanu zathunthu. Za udindo, za chilungamo, za anthu amene amadya malipiro osagwira ntchito. Amayi manja pamodzi, inde madamu, inde madamu. Atatha, a Hedi anayendetsa chala chija pamwamba pa kabati ya jaji. Chinabwera choyera. Anayesa kuseri kwa wotchi. Choyera. Mtima unawagwa. Anatsegula kachikwama n'kutulutsa ndalama yachitsulo. Amayi anailandira ndi manja awiri.

Achemwali anali kuona denga. Ine ndinali kuona nsapato. Banja lathu linagawana ntchito bwino.

Potuluka amayi amabwezera aliyense kachidutswa ka tikiti. Kanga anakakanikiza m'dzanja mwanga n'kutseka zala zanga ndi zawo. Zala zokhakhala, fungo la polishi. Kamphindi chabe. Muyende bwino, madamu.

M'galimoto ndinatsegula dzanja pansi pa dengu. Kuseri kwa tikiti, ndi cholembera cha m'buku la alendo, zilembo zawo zazikulu zopendekeka: WAONDA.

Juzi inali m'buti.

Tinayenda. Ine ndikulemba makilomita. Pa 38 a Hedi anayamba.

Ati mayi uja ngakhale ndi wosasamala masitepe, manja ali nawo. Anthu aukhondo chotere anatha. Ati timutenge adzatsuke mbale pa ukwati. Anthu oterowo savuta, ungowapatsa yoyendera ndi zotsala za m'mapoto, amathokoza mwezi wonse. Anatembenuka n'kufunsa achemwali kuti akuona bwanji.

Achemwali anati, "Tiona, amayi."

Amayi. Kwa a Hedi. Tiona.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinamva mawu anga akuti aja ndi amayi athu. Koma injini ya a Tepi imalira ngati chigayo, ndipo mawu anga ndi aja a masiku onse. Anamva ndi achemwali okha. Anandifinya ntchafu, chizindikiro chilipo mpaka lero. Pamenepo nkhani ikanathera. Ndinali nditayamba kale kuthokoza injini.

Koma a Hedi ndi a Hedi. Sangalole mwana kung'ung'udza kumbuyo kwa kalasi. "Iwe mtsikana, ukafuna kuyankhula dzutsa mutu. Kweza mawu. Chiganizo chonse."

Ndinadzutsa mutu. Ndinati, "Mayi okolopa ku Nyumba ya Jaji ndi amayi athu otibereka, ine ndi achemwali."

Chiganizo chonse. Akanandipatsa khumi pa khumi.

Msewu wopanda ngakhale nkhuku, koma a Tepi anayatsa indiketa. Anakhotera kumbali pang'onopang'ono, n'kuzimitsa injini. Kunja mbalame, ng'ombe patali. Anatsegula dzanja lawo, nambala ija ikadalipo. Anati anadziwa pa sitepe yachinayi, ndipo 158 amaidziwa, ndi msinkhu wa achemwali, anayeza okha mu Epulo pamene ankafuna kugula galasi la kuchipinda.

Achemwali anayamba kufotokoza. Iwo anakweza dzanja. "Ine ndimayeza malo. Malo aang'ono sindidana nawo. Amene ndimadana naye ndi munthu wosuntha mwala wa malire."

Ndinkaganiza kuti atembenuza galimoto. Mtima unali utafika kale pageti. Anayang'ana wotchi, anayang'ana pepala. Ati kubwerera palibepo pa ndondomeko, ndipo mawa ntchito.

Makilomita 149 opanda mawu. Wapanjinga akanatipitirira ndikanamupempha anditenge.

A Hedi anayankhula kamodzi kokha, titayandikira mzinda, osatembenuka. Sindikudziwa kuti ankauza ndani. Anati, "Ndawapatsa ndalama yachitsulo."

Lachiwiri, 18 Juni

Chikwama changa achemwali achiika pakhomo. Mkati, osati kunja. Ndayeza ndi maso, pafupifupi phazi limodzi kuchokera pachitseko. Matenda a a Tepi ndi opatsirana.

Achemwali sanapite kuntchito. Foni ili pambali pawo, aipenya ngati mkaka uli pamoto. Siilira.

Sakundiyankhula. Akafuna ndichoke panjira amauza khoma. Koma madzulo ano, ndikutsuka makapu, anaima kumbuyo kwanga. Ati ine sindidziwa kanthu. Ati kusekondale mtsikana wina anabwera ndi kalasi yake kudzaona Nyumba ya Jaji, n'kuwapeza atanyamula ndowa ya amayi. Zaka zinayi zonse dzina lawo linali Chikolopa. Ngakhale aphunzitsi ena. Ati analumbira kuti palibe adzawaitanenso choncho.

Zimenezi sindinkazidziwa. Ine ndinkangoona yunifolomu.

Ndinafuna kunena kuti pepani. Ndinafunanso kunena kuti amene analumpha sitepe poyamba si ine. Ndinawapatsa tiyi. Anamwa.

Ndaimbira amayi kawiri. Koyamba ndinadula isanalire. Kachiwiri anayankha, halo, halo, ndani? Ndinamva ndowa ikugunda pansi. Pakamwa panga gwa. Ndinadula.

Chimene chikundidya ndi ichi. Iwo anagwada pamasitepe, analandira ndalama yachitsulo, anatcha mwana wawo madamu, zonsezo kuti ukwati usagwe. Ine ndaugwetsa ndi chiganizo chimodzi. Komanso mochedwa ndi makilomita 38, pamene iwo sakanamva. Ndiye ndathandiza ndani?

Lachitatu, 19 Juni

A Tepi kochapitsa zovala. Anabweretsa suti yoyera kale, pulasitiki yathu ikadali pomwepo. Akutsimphina pang'ono. Abwana anasiya kuwerenga malisiti n'kutchera khutu.

Anandiitana kuti alamu. Sanandiitanepo choncho. Anandipatsa pepala. Lotayipa.

Loweruka, 22 Juni. Kunyamuka 6 koloko.
1. Kukapereka moni.
2. Thabwa, 92 ndi 26.

Thabwa agula kale, lili m'buti. Ati mayi awo akufuna kupita nawo, ndipo kuyambira Lamlungu sanakonze chiganizo cha munthu aliyense, mpaka wantchito kwawo wayamba kuda nkhawa. Za achemwali anati mpando ulipo, kukwera ndi kusakwera ndi kwa mwini wake. Za Okutobala sananene, ine sindinafunse. Ndinayang'ana m'munsi mwa pepala ngati pali nambala 3. Palibe.

Koma ati sangapite osaloledwa. Analowa kale kamodzi ndi tikiti ngati odzaona bafa la jaji, sakufuna kubwereza. Ndifunse kaye kwa eni ake. Anafunanso kope lawo. Ndinati mawa.

Kunyumba ndinaika pepalalo patebulo, pafupi ndi kapu ya achemwali. Sanaligwire. Koma nditabwera kubafa linali litatembenuzika mbali ina. Chikwama changa chasunthanso, chili pafupi ndi matiresi.

Lachinayi, 20 Juni, m'mawa

Masamba akutsogolo ndawang'amba bwinobwino ndi rula, a Tepi atenge makilomita awo. Otsalawa ndikuwakulunga m'juzi. Dalaivala wa basi ya 9 koloko wavomera kukasiya kwa bambo osoka nsapato pa positi ofesi. Iwowo amatidziwa. Anatidziwa ngakhale m'magalasi akuda.

Amayi.

Pakamwa pandikana kawiri, ndiye ndikutumiza zonse monga zilili. Aja amene ankadula foni ndine. Muwerenge pang'onopang'ono, palibe wothamangitsa. Pamene ndanyoza anthu mudumphe, mukudziwa kudumpha kwake. Za Chikolopa musawafunse achemwali, mwina adzanena okha.

Ndinakuonani pageti, sindinakupatseni moni. Ndinanena kuti ndinu amayi anga muli kutali. Ngati ndalakwa ponena, mundiuze. Ngati ndalakwa pochedwa, mundiuzenso. Ndimva zonse ziwiri.

Juzi ndi yanu, mabatani ndasoka ndine. Mwendowo wayamba liti? Sindinaonde kwambiri, ndi diresi lija, ndi la achemwali.

Anthuwa akufuna kubwera Loweruka. Pamodzi ndi ine atatu, mwina anayi. Mukati asabwere sabwera, koma ine ndibwera ndi basi. Mukati abwere, mundiuze khomo loti tilowere, lakutsogolo kapena lathu lakuseri kwa thanki. A Hedi apinda khosi, khomo lathulo ndi lalifupi, a Tepi aliyeza, musadabwe.

Basi imabwerera Lachisanu masana. Ngakhale kuseri kwa tikiti, liwu limodzi likwana. Yankhani msanga, amayi.